Mtembo pa Geti la Ngalande

A Sajeni anandipeza ndikukankha galimoto ya boma pabwalo la ofesi. Inali itakana kulira, ndipo dalaivala wathu anali atapita kukabwereka batire.

"Mayi a Zamadzi, chisiyeni chitsulocho, kwerani yathuyi," anatero asanandipatse n'komwe moni. "Mlonda wanu wa pageti wafa."

"Si wanga, ndi wa alimi," ndinayankha mwachizolowezi, poti theka la ntchito yangayi ndi kuuza anthu kuti chakuti n'cha uje. Kenako mawuwo anandifika pamtima. "Wafa bwanji?"

"N'chimene ndakutsatirani. Tengani ndi chikiyi chanu chija."

Ntchito yanga ndi kugawa madzi a mtsinje: ndani atunge, ochuluka bwanji, tsiku liti. Chaka cha mvula yabwino palibe amandikumbukira. Chaka cha chilala ngati chimenechi, ngakhale mwana amadziwa nambala ya foni yanga. Pamalo amene tinkapitawo mtsinje unatchingidwa ndi khoma n'kupanga dziwe, ndipo padziwepo pali geti lachitsulo. Likatsekedwa, dziwe limadzaza ndipo mapampu a esiteti amakoka madzi. Likatsegulidwa, madzi amalowa m'ngalande yadothi yopita kuminda ya alimi. Amasinthana masiku. Geti limatsegulidwa ndi chikiyi, chitsulo cholemera chotalika ngati mkono. Chimodzi ankasunga ndi mlondayo, china chimakhala m'kabati mwanga.

Titafika tinapeza madzi akukhamukirabe m'ngalande. A Sajeni anandilozera zitsulo zotchinga zinyalala, kumunsi pang'ono kwa geti.

"Anamupeza apa dzulo masana, atapanikizika. Kunkhongo kuli bala. Adokotala akuti anamenyedwa kaye, madzi anangomulandira. Chikiyi chake chasowa, n'chifukwa chake geti lili yasa."

"Mwagwira ndani?"

"Mayi wa anyezi uja, amene amamutcha Wailesi." A Sajeni anachotsa kamtengo ka machesi kamene ankatafuna. "Mlanduwu ndi wosavuta, ndipo mboni yaikulu ndinu. Dzulo m'mawa munaitanitsa alimi onse kumsonkhano kusukulu. Mayiyo anakuwa pamaso panu kuti akatsegula geti yekha, womutchinga aona zakuda. Zoona?"

"Zoona."

"Anatuluka msonkhano uli mkati. Masana madzi ali m'munda mwake, mlonda ali m'madzi. Ena onse anali nanu m'kalasi. Mundilembere zimenezo, mutseke getili, tonse tikapume."

Kupuma ndinkakufuna. Mawondo anga anali akulira ndi msonkhano wadzulo lakelo, ndipo kunyumba kwanga komwe mpopi unali utauma, moti bambo akunyumba ankandiseka kuti anakwatira mwini mtsinje koma akusamba madzi a m'kapu. Koma ndinayang'ana ngalandeyo, mmene inapitira kutali mpaka kuzimiririka m'minda yofiira, ndipo china chake chinandikanira.

"Geti lisiyeni, lero ndi tsiku la alimi. Ndiperekezeni kwa mayiyo."

A Wailesi tinawamva tili panja pa polisi. Atawatulutsa m'chitokosi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu? Ine kupha munthu? Pakamwa panga ndiye pamapha, mayi, osati manjawa. Manjawa ndi a anyezi. Mlonda uja ndamutukwana chaka chonse, wafa liti ndi kutukwanako?"

"Munatulukiranji pamsonkhano?"

"Ananditulutsa ndi a Tcheya a komiti ya alimi. Inu mutapita panja kukayankha foni, iwo anasendera n'kundinong'oneza. Akuti, mayi, mukukuwa pano pamene madzi akusefukira m'mabedi mwanu, akokola mbewu. Ine liwiro, nsapato m'manja. Kufika kumunda, ngalande youma gwaa! Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwatukwana a Tcheyawo, kuyambira iwo mpaka njinga yawo yamoto. Ndisanamalize, ndinangoona madzi awo akubwera, akukwawa ngati njoka yokhuta, zinyalala ndi thovu patsogolo."

"Dzuwa lili pati?"

"Pamutu penipeni. Ndinathirira. Mukanakhala inu mukanawasiya adutse? Madzulo apolisi awa, akuti ndapha munthu."

Atawabwezera m'kati, a Sajeni anapukusa mutu. "A Tcheya akuti sanalankhule nawo n'komwe. Ndipo munthu amene anasankhidwa ndi alimi onse kuti aziwatsogolera anamiziranji mlimi wake?"

"Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi ngalandeyo. Munda wa mayiwa ndi womalizira. Ngalande yauma nthawi yaitali, pansi pake pang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Madzi akalowa m'ngalande yotero sathamanga, amayamba amwetsa mng'alu uliwonse. Kuti afike kumapeto masana, geti linatsegulidwa m'mawa kwambiri, msonkhano usanayambe."

A Sajeni anasiya kutafuna. "Ndiye kuti anthu onse amene munakhala nawo m'kalasi aja..."

"Umboni wanga suwathandiza. Sindinali nawo m'mawa."

Anapuma mozama ngati munthu amene wauzidwa kuti katundu amene wangotula ayenera kumusenzanso. "Khoti silifunsa madzi, mayi. Ndipezereni munthu wokhala ndi pakamwa."

Mkazi wa malemu tinamupeza m'chipinda, atakhala pamphasa pakati pa azimayi anzake. Pakhoma panali pokolowekedwa jekete la mwamuna wake, lothimbirira ndi girisi wa pageti. Ankalankhula motsitsa, osakweza maso.

"Anatuluka kusanache bwino. Tiyi anamusiya pa tebulo."

"Ananena kumene akupita?" anafunsa a Sajeni.

"Anati, lero nditsegula, ondichotsa ntchito andichotse. Ndatopa kutukwanidwa chifukwa cha mawu a munthu wina."

"Mawu a ndani?"

"A Tcheya anawauza kuti geti lisatsegulidwe kufikira mayi a boma atalamula. Akuti madzi achepa m'dziwe."

"Ine sindinanenepo zimenezo," ndinatero.

Apo m'pamene mayiyo anakweza maso n'kundiyang'ana. "Ndiye mukanabwera msanga kudzanena."

Zoti ofesi yathu inalibe mafuta a galimoto si nkhani youza munthu wamasiye.

"Panabweranso munthu wina m'mawawo?" A Sajeni anafunsa modekha tsopano.

"A Tcheya anaima pa njinga yawo ine ndikusesa. Anafunsa ngati bambo alimo. Ndinati apita kugeti, ndipo atenga chikiyi. Sanatsanzike n'komwe."

"Bwanji simunatiuze dzulo?"

"Simunandifunse. Munabwera mutagwira kale munthu wanu."

Pobwerera ndinapempha kuti tidzere msewu wotsata ngalande. Chapakatikati pali dzenje la munthu wina woumba njerwa, amene ndakhala ndikumuthamangitsa zaka zambiri chifukwa chopatutsa madzi a alimi popanda chilolezo. Atationa anafuna kubisala kuseri kwa uvuni, koma uvuniwo unali waufupi.

"Ine, bwana, sindinaone kanthu. Dzulo ndinadwala. Malungo. Ngakhale leroli ndangobwera kudzaona mbuzi."

Kumbuyo kwake kunali mizere ya njerwa zosaphika, zina zitayamba kale kuyera pamwamba.

"Mbuzi zanu zimaumba bwino," ndinatero. "Bambo, lero sindinabwerere chilolezo. Njerwa zoyerazo munaumba dzulo, ndipo matope saponda ndi malovu. Madzi anafika pano nthawi yanji?"

Anayang'ana a Sajeni, n'kuyang'ana ine. "Simundilipitsa?"

"Lero ayi."

"Ndi mawa lomwe?"

"Yankhani funso," anatero a Sajeni.

"Chabwino, bwana. Anafika ana asukulu akudutsa, belu lisanalire. Ena anavula nsapato n'kumasewera m'madzimo. Ine ndinati Mulungu wakumbukira amphawi, ndinangopatulako pang'ono, pang'ono zedi, ngati supuni."

"Munaona munthu wochokera kugeti?"

"Kuona ayi. Kumva. Njinga yamoto inapita chakugeti, kenako inabwerera ikulira ngati yalumidwa ndi mavu. Koma njinga n'zambiri, bwana, ine sindinatchule munthu."

Tili m'galimoto foni yanga inalira. Anali bambo akunyumba, kufunsa ngati ndamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndinanama kuti ndamwa. Titabwerera pageti, a Sajeni anati, "Nthawi ndaimva. Koma chifukwa chake sindikuchiona. A Tcheya nawonso ndi mlimi. Geti likatseguka amapindula nawo. Angaphere chiyani munthu wowatsegulira madzi?"

Funsolo linali kundivutanso ine. Ndinatsika n'kukaima pakhoma. Popeza geti linali lotsegula kuyambira dzulo lake, dziwe linali litaphwa kwambiri, kusiya matope akuda m'mbali monse. Kutsidya kwake kunali munda wa a Tcheya, nthochi zobiriwira ngati zili m'dziko lina. Anthu ankati amalemba aganyu othirira ndi ndowa. Ine ndinali ndisanaonepo waganyu aliyense pamenepo.

Ndinavula nsapato za ku ofesi n'kutsikira m'matopemo. Ndinatsata gombe pang'onopang'ono, ndikugwira mabango. Pansi pa chitsamba china, pamalo amene masiku onse amakhala omira, panali kukamwa kwa paipi yakuda, yokulungidwa ndi kansalu kosefera. Inalowa m'dothi molunjika ku nthochi zija. Inali lende m'malere, youma.

"A Sajeni, bwerani mudzaone chifukwa chanu chija. Paipi iyi imamwa pokhapokha dziwe likadzaza. Geti likatseguka, nthochi zimagona ndi ludzu."

A Sajeni anapinda buluku n'kuyamba kutsika. Asanafike pamene ndinali, anakuwa n'kunyamula phazi. Anali ataponda chinthu cholimba. Anapisa dzanja m'matope n'kuchizula.

Chinali chikiyi cha mlonda.

A Tcheya anatilandira pakhonde pawo atavala tayi, akukonzekera kupita kumaliro. Anatulutsa mipando yabwino. Popereka moni anapereka dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba.

"Ndi chinthu chomvetsa chisoni kwambiri," anatero. "Ife monga komiti tataya mtumiki wokhulupirika. Ndakonza kale mawu oti ndikalankhule. Mayi uja timupempherere, mkwiyo ndi matenda."

"Dzulo m'mawa munali kuti, msonkhano usanayambe?" anafunsa a Sajeni.

"Kusukulu, kukonza mipando. Mtsogoleri amafika poyamba."

"Aphunzitsi aakulu ndawaimbira. Akuti mipando anakonza okha, inu munafika anthu atakhala kale."

"Mwina ndasokoneza. Ndinadzera kumunda."

"Munadzeranso kunyumba kwa malemu."

"Kukawakumbutsa za msonkhano. Kodi n'kulakwa?"

Ndinalowererapo. "Bambo, munauza mlonda kuti ine ndaletsa kutsegula geti."

"Mayi, ndi ulemu wonse, mwina malemu sanamve bwino. Anali munthu wosapita patali ndi sukulu."

"Nanga mayi wa anyezi uja? Munamuuza kuti madzi ali m'munda mwake, madziwo asanafike. Munadziwa bwanji kuti ali m'njira? Aliyense m'kalasi muja ankadziwa kuti geti n'lotseka. N'chimene tinasonkhanira."

"Sindinalankhule naye. Ndi mawu ake okha."

"Mwina. Koma munaiwala kuti ngalande youma imachedwetsa madzi. Munaganiza kuti afika kale, ndiye mumutulutse mayiyo kuti aoneke ngati watsegula ndi iye. Anakafika kumunda madzi asanafike."

A Tcheya anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. A Sajeni anapita kugalimoto, n'kubwerako ndi chikiyi chili ndi matope ake, n'kuchiika pa tebulo pakati pa makapu a tiyi.

"Tachipeza pafupi ndi paipi yanu," anatero. "Dziwe laphwa, bambo. Zonse zimene munalisungitsa labweza. Tulutsani dzanjalo m'thumba."

Mkazi wa a Tcheya anali ataima pakhomo ndi mbale ya shuga, osalowa, osatuluka. Dzanja linatuluka. Chikhatho chinali chomangidwa ndi kansanza, ndipo atamasula panali bala lalitali lokhala ndi girisi wakuda m'mphepete.

"Ndinangofuna kumulanda chikiyi," anatero a Tcheya, mawu a pamsonkhano aja atawathera. "Ndinamupeza atatsegula kale. Ndinamuuza kuti tseka, anakana. Munthu amene ndinamulemba ntchito ndine, kundikanira. Tinakokanakokana, chitsulo chinanding'amba dzanja, ndipo atatembenuka kuti azipita..." Analoza chikiyi chija pa tebulo. "Atagwera m'madzi ndinachita mantha, ndinachiponya kutali. Pambuyo pake m'pamene ndinakumbukira kuti ndilibe chotsekera geti."

Anayang'ana kwa ine ngati kuti ine ndiye ndingamvetse. "Nthochizo zinali zitangoyamba kubereka, mayi. Sabata imodzi yopanda madzi, zonse zikanapita."

"Anyezi a anzanu anapita kale," ndinatero. Ndinalibe mphamvu zokwiya. Ndinkangofuna kukhala pansi penapake popanda munthu wondiuza chifukwa chimene iye yekha ayenera kulandira madzi.

A Sajeni anawalola kuvula tayi asanawaveke unyolo.

M'mawa mwake linali tsiku la esiteti. Manijala wawo anandiimbira dzuwa lisanakwere, mwaulemu wake wonse. Anapepesa za malirowo, kenako anandikumbutsa kuti mapampu awo akukoka mphepo, ndipo chilolezo chawo ndinasaina ndine. Sananame. Mlonda watsopano panalibe, ndipo palibe mlimi amene ankafuna kukhudza chitsulocho. Ndinakwera basi, chikiyi cha ku ofesi chili m'chikwama, n'kuyenda wapansi kuchokera pamsewu.

Pageti ndinapeza a Wailesi ataima ndi khasu paphewa. Apolisi anali atawatulutsa dzulo lake madzulo. Kutali, kunyumba ya malemu, kunkamveka nyimbo za maliro.

"Mwabwera kudzatani ndi chimenecho?" anafunsa.

"Kudzatseka."

"Munthu wafera kutsegula, sanaikidwe n'komwe, inu mukutseka. Theka la anyezi anga silinamwe. Ndinali m'chitokosi madzi akudutsa."

"Ndikudziwa, mayi. Koma lero ndi la esiteti. Ndikapanda kutseka lero, Lolemba, tsiku la alimi, ndidzakhala wopanda pakamwa powauza kuti azimitse mapampu awo."

"Malamulo anuwo amadziwa kulira kwa mwana wanjala?"

"Sadziwa. Koma akachoka, madzi amatenga ndi amene ali ndi dzanja lamphamvu. Mwaona nokha."

Ndinalowetsa chikiyi n'kuyamba kuzunguza. Geti linali lolemera, madzi akulikankha, ndipo manja anga anazolowera cholembera. Linatsika pang'ono n'kuima. Ndinakoka ndi thupi lonse, thukuta likulowa m'maso, osasuntha. Ndinatsamira pachitsulopo ndikupuma ngati ng'ombe yokalamba.

Ndinamva khasu likugwa pansi. A Wailesi anandikankha ndi phewa n'kugwira mbali ina ya chikiyi.

"Boma lopanda mphamvu ngati limeneli sindinalionepo," anatero. "Zunguzani, tiweruke, tikaike mnzathu. Koma Lolemba mudzandipeza pano dzuwa lisanatuluke, ndipo mukadzachedwa mudzandimva muli ku ofesi kwanu komweko."

Tinazunguza awiri mpaka geti linagunda pansi, ndipo phokoso la madzi m'ngalande linatha.